Amayi Apita Kukagula Buledi

14 Januwale

Okondedwa Bambo,

Moni wochuluka kwa inu, kwa achemwali, ndi kwa Kabatani wanga. Ine ndinafika bwino. Basi inafa kawiri panjira, ndipo zipi ya chikwama ija munalumbira kuti sidzafa inaphulika tisanafike ndi pakati pomwe. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa monga tinagwirizana, poti inu pa foni mumangoti "eya, eya" ngakhale munthu akukuuzani kuti nyumba ikupsa.

A kukoleji anditumiza ku sukulu ya mkaka ina kuseri kwa chipatala. Ndikhala kuno masabata khumi ndi awiri ndikuyeserera kuphunzitsa pamaso pa eni ntchito. Ndikakhoza, satifiketi ndi yanga. Ndikalephera, zaka ziwiri zimene mwandilerera mwana masana onse zapita m'madzi.

Kalasi yanga ili ndi ana makumi awiri ndi anayi, a zaka zitatu ndi zinayi, msinkhu wa Kabatani ndithu. Timipando take ndikakhalapo mawondo amafika m'makutu. Mwana aliyense ali ndi msomali wake wopachikapo chikwama, ndipo poti sadziwa kuwerenga, pamwamba pa msomali pali chithunzi: wina nsomba, wina ambulera, wina kapu. Mayina awo sindinawagwirebe, ndiye mumtima ndimawaitana ndi zithunzizo. Dzulo Kapu anamenyana ndi Ambulera chifukwa cha choko chobiriwira.

Ondiyang'anira tsiku ndi tsiku ndi mayi ena a imvi amene aliyense amawatchula kuti Amakiyi, chifukwa amayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, umawamva asanatulukire. Salola kuti ulankhule ndi mwana uli chiimire. Akuti gwada, maso akumane. Mawondo anga atuwa kale. M'mawa amaima okha pakhomo kulandira ana, ine n'kumatsuka makapu a penti kuseri. Akuti pakhomo ndiye pali ntchito yonse, koma ine ndikuona ngati n'kulandira zikwama basi. Pachitsekopo anamatapo pepala loti, "Kholo, tsanzikani mwana wanu musanapite." Ulemu wa m'tauni umenewo.

Palinso bambo a kukoleji amene adzabwera kawiri kudzakhala pakona ndi fomu n'kumandipatsa malikisi. Anzanga amawatcha a Cholembera Chofiira. Akuti saseka.

Tsopano Bambo, ndiuzeni za Kabatani. Ndinatuluka nsapato zili m'manja monga munanenera, iye ali m'tulo, chala chili m'kamwa. Sindinamukhudze n'komwe kuopa kuti angadzuke. Atadzuka anatani? Analira nthawi yaitali? Mtima wanga sukukhazikika.

Mundisokereko epuloni ya matumba akuluakulu. Kuno thumba limanyamula mipango ya mamina, choko, ndi miyala imene ana amakupatsa ngati mphatso.

Ndine mzime wanu.


20 Januwale

Mzime wanga,

Kalata yako yafika. Tonse tili bwino, kupatula msana wanga umene sunakhalepo bwino chibadwire chako.

Poyamba nkhani ya zipi. Zipi ija inalibe mlandu. Unalongedza chikwama ngati ukusamuka m'dziko. Zaka makumi anayi ndili pa makina, palibe zipi yanga inaphulikapo popanda munthu kuichimwira.

Kabatani ali bwino. Akudya, akugona, akusamba mokakamizidwa ngati mayi ake. Atadzuka tsiku lija anakufunafuna kuchipinda, kubafa, ngakhale pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Ndinamuuza kuti amayi apita kukagula buledi. Sanalire ngakhale pang'ono. Waona? Ndinakuuza kuti mwana sachedwa kuiwala. Ukanamudzutsa bwenzi mutalira nonse awiri, basi n'kukusiya.

Za foni tigwire pomwe tinagwirizana paja. Usamuimbire. Akamva mawu ako chilonda chiyambanso. Ine ndi mkulu wako tasiya n'kukutchula komwe pamaso pake, ndipo chithunzi chako chapakhoma ndachiika m'dirowa mpaka udzabwere. Usaone ngati takutaya.

Masiku ano akukonda kusewera panja, cha kugeti. Ndamuikira kampando kumeneko. Mpweya wabwino ndi mankhwala.

Epuloni ndi imeneyo. Nsalu yake ndi yotsala pa makatani a kasitomala wina, ndiye ukaona anthu akukukokera pambali kuti m'chipinda muwale, usadabwe. Matumba ndapanga atatu, lachitatu lili mkati, la zinthu zimene sukufuna kuti ana azione. M'mawondomo uzipaka mafuta. Ine ndimayesa ndakutuma kukaphunzira uphunzitsi, sindimadziwa kuti ukukapepesa makanda.

Amakiyi uziwamvera. Munthu amene anthu amamusungitsa makiyi sakhala wopusa. A cholembera chofiirawo usawaope, inki imatha.

Ine bambo ako.


3 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Moni nonse kumeneko. Epuloni yafika ndipo ana aikonda kuposa ine, akulowetsa manja m'matumba ngati ndi awo. M'thumba lamkati ndikusungamo sokosi imodzi ya Kabatani imene ndinaipeza m'chikwama changa. Mukaona inzake ili yokha, musakalipire munthu.

Ntchito yayamba kundilowa m'magazi. Ndaphunzira nyimbo yotolera zidole. Ndaphunzira kudikira mwana amange yekha zingwe za nsapato ngakhale manja akundiyabwa. Ndikutha kuzindikira mwana amene watsala pang'ono kudzikodzera pongoona kaimidwe kake. Lero kwabwera mwana watsopano, kamtsikana ka nesi wa pachipatala chapafupichi. Msomali wake ndi wa gulugufe. Anakangamira siketi ya mayi ake pakhomo, Amakiyi n'kugwada pomwepo mphindi khumi zathunthu, nesiyo akungoyang'ana wotchi. Ndinamumvera chisoni mayiyo.

A Cholembera Chofiira abwera Lachinayi la sabata yamawa. Amakiyi akuti tsiku limenelo pakhomo ndidzaima ine, chifukwa fomu imayambira pamenepo. Phunziro langa ndi la zinthu zazikulu ndi zazing'ono, ndasonkhanitsa mabokosi ndi masupuni. Ndakonzeka moti ndikulota mabokosi.

Bambo, pali chinthu china chimene Amakiyi andiphunzitsa. Tili ndi kabuku kolembamo za ana. Ine ndinalemba kuti, "Nsomba anali wosangalala lero." Anakhwatcha. Akuti usalembe zimene ukuganiza, lemba zimene mwana wachita: anapita pati, anagwira chiyani, ananena chiyani. Akuti "ali bwino" ndi mawu amene akuluakulufe timabisalamo.

Ndiye ndikukupemphani, musandilemberenso kuti Kabatani ali bwino. Ndilembereni zimene wachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku limodzi lokha. Ndamusowa kwambiri, ndikufuna ndimuone.

Ndine mzime wanu.


14 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Moni. Masiku khumi ndi limodzi apita popanda yankho lanu. Dalaivala akuti kalata anakupatsani m'manja. Kodi mwadwala? Ngati ndinalemba mokhumudwitsa, mundikhululukire.

Bambo, ndalephera ulendo woyamba.

Dzulo ndinaima pakhomo, a Cholembera Chofiira atakhala pakona pa kampando, mawondo m'makutu ngati tonsefe. Ana khumi oyamba ndinawalandira bwino. Kenako anafika nesi uja ndi Gulugufe wake, atachedwa kale kuntchito. Mwana anakangamira siketi. Ine ndinati apa ndiye ndionetse luso. Ndinatulutsa mabokosi anga, mwana n'kutembenuka kuti aone, dzanja n'kutaya siketi. Ndinamutsinzinira diso nesi uja, n'kumuuza ndi dzanja kumbuyo kuti zembani. Anachoka monyang'ama. Palibe analira. Ndinayang'ana pakona, ndikudikira kuti cholembera chindiyamikire.

Patapita mphindi zitatu mwana anatembenuka kuti awaonetse amayi ake bokosi. Sanalire, Bambo. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, kuchimbudzi, pansi pa tebulo la penti. Kenako anakaima pakhomo, mphuno pagalasi, bokosi lili m'manja. Sanadye, sanaimbe, sanagone masana. Ine ndikati ndisunthe pang'ono, amandigwira epuloni osandiyang'ana.

Titaweruka anandiitanira mu ofesi onse awiri. A Cholembera Chofiira sanakalipe. Anati phunziro la mabokosi linali labwino, koma gawo la pakhomo sangandipatse kanthu, ndipo wolephera pakhomo walephera fomu yonse. Ndinati, "Koma mwana sanalire." Amakiyi anati, "Pamenepo ndiye pali vuto, mwananga. Wotsanzikidwa amalira, n'kutonthola, n'kukasewera, chifukwa akudziwa kuti amayi apita ndipo abwera tikadzuka ku tulo ta masana. Wozembedwa alibe nthawi yolira, ali pa ntchito yolondera chitseko. Masabata awiri ndakhala ndikumuphunzitsa mwana ameneyu kuti anthu sasowa akayang'ana kumbali. Iwe wafufuta ndi diso limodzi."

Pepala lija la pachitseko ndinkalidutsa tsiku ndi tsiku osafunsa kuti n'lachiyani. Safunsa anadya phula. A Cholembera Chofiira abweranso pa 13 Malichi. Ndikalepheranso, kwatha.

Koma si satifiketi imene yandisowetsa mtendere. Mwana uja anayang'ana pansi pa tebulo, Bambo. Munalemba kuti Kabatani akusewera cha kugeti. Akamasewerapo amayang'ana kuti?

Ndine mzime wanu.


8 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Moni. Ndikulemba ine chifukwa Bambo kalata yako yawapweteka. Chiwerengereni kalatayo asoka mkono wa jekete mozondoka kawiri. Ukuti tikulembere zimene mwana wachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tasanduka antchito ako opereka malipoti? Ukuganiza kuti tikumumana chakudya? Ine ndimaima tsiku lonse ku saluni, miyendo kutupa, ndikafika ndiyambe kusambitsa mwana wako, iwe uli uko kuphunzira kugwadira ana a eni. Masabata anayi okha wayamba kale kutiyesa ndi fomu.

Poti wafuna, imva. Amadzuka, amavala nsapato asanasambe n'komwe, amapita pa kampando kake kugeti. Amakhala pamenepo mpaka dzuwa limuwotche, Bambo n'kumunyamula. Akadya amabwererako. Basi iliyonse ikadutsa amaimirira. Buledi sakudya. Ndikagula ine amati si ameneyo, akudikira wa amayi. Dzana ndinati ndipite kugolosale, anandigwira mwendo mpaka ndinapita naye. Titafika anasuzumira kuseri kwa kauntala, n'kufunsa mwini golosale kuti, "Amayi anga mwawaika kuti?" Bamboyo anamupatsa switi, iye anakana. Kunyumba sakutchula, poti waona kuti ife sitikukutchula.

Wakhutira?

17 Febuluwale

Zapamwambazi ndinalemba ndi mkwiyo, ndipo ndinawapatsa Bambo kuti apereke kwa dalaivala. Lero ndazipeza m'dirowa ya ulusi, pansi pa chithunzi chako. Akuti amaopa kuti ukaziwerenga usiya sukulu n'kubwera. Kalata yako yomaliza aiwerenga katatu, kenako anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, chinthu chimene sanachitepo chimwalirireni Amayi.

Ndikutumiza momwe ziliri, sindifufuta, poti iwe ndi ine sitibisirana. Koma za malipoti zija undikhululukire. Ndinakwiya chifukwa unafunsa chinthu chimene tonse timachiona n'kumayang'ana kumbali. Za buledi zija ndinavomereza nawo ine, sindingawasenzetse Bambo okha.

Usasiye sukulu. Ukasiya ndikumeta mpala ndi manja angawa. Koma tiuze chochita, poti waphunzira za ana ndiwe. Ife nzeru zatithera.

Mkulu wako.


19 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera m'chipinda chosungiramo matiresi a ana, ndipo ndinalira mpaka Amakiyi anandipeza. Palibe choti ndikukhululukireni. Miyendo yanu yotupayo ndikuidziwa, ndipo ndikudziwa kuti ikutupira ine.

Ndinawauza zonse, n'kunena kuti ndikulongedza, satifiketi ikhale. Anakhala nane pamatiresi pomwepo. Anati, "Ukapita kosabwerera, mwanayo adzakhala pamwendo pako mpaka liti? Tsiku lina udzafunabe kutuluka, ndipo iye adzakhala akudziwa chinthu chimodzi chokha, choti amayi akangoti tulo tamugwira amasowa. Kubwera kuno sunalakwe. Chimene sunachite n'chimodzi, sunatsanzike. Pita ukatsanzike, Lolemba ndikupeze pano."

Ndiye ndikubwera Loweruka ndi basi ya m'mawa, ndibwerera Lamulungu masana. Maola asanu ndi limodzi kupita, ena asanu ndi limodzi kubwerera, kukangonena kuti tsala bwino. Dalaivala wandiseka kale.

Chonde chitani izi. Mukangolandira kalatayi mumuuze Kabatani kuti amayi sali kugolosale, ali kusukulu yakutali, abwera Loweruka, adzagona kamodzi, n'kupitanso. Mbali yomalizayo musaibise. Chithunzi chibwerere pakhoma. Bambo andisankhire mabatani makumi anayi ndi limodzi, aakulu oti sangameze, ndi mabotolo awiri opanda kanthu. Ndi masiku amene adzakhale atatsala kuti ndibwere kwathunthu. Azidzasamutsa batani limodzi m'mawa uliwonse, aziona ndi maso ake kuti masiku akutha.

Bambo muwauze kuti sindinawakwiyire. Nsapato ndinanyamula m'manja ndi ine, ndipo nesi uja ndinamutsinzinira diso ndekha popanda wondituma.

Buledi ndibwera naye.

Mng'ono wanu.


26 Febuluwale

Mzime wanga,

Moni. Tikhulupirira unafika bwino. Unati ndisalembe zimene ndikuganiza, ndilembe zimene mwana wachita. Kwa telala n'zosavuta. Nafenso timalemba zimene tepi yanena, osati zimene kasitomala akufuna kumva za mimba yake. Zina unaziona wekha, koma ndilemba kuti lipoti likwane.

Loweruka utatsika basi sanakuthamangire. Anayang'ana buledi, anayang'ana iwe, n'kunena kuti, "Mwachedwa." Anadya magawo atatu opanda tiyi, dzanja limodzi litagwira siketi yako.

Lamulungu pageti unagwada pafumbi, n'kumuuza kuti ukupita, ndipo ubwera mabatani onse akasamukira m'botolo linalo. Anakuwa. Ine ndinafuna kumunyamula ndikamuonetse mphaka kuseri kuti uzembe, ndikuvomera. Mkulu wako anandiponda phazi. Unamupsompsona, unapita osathamanga, unatembenuka pakona n'kukweza dzanja. Zimene sunaone ndi izi.

Analira nthawi yokwana kupinda miyendo iwiri ya thalauza. Ndikudziwa chifukwa ndinali kupinda thalauza, ngakhale mwendo umodzi unatuluka waufupi. Kenako anapempha madzi. Kenako anapita kugeti, anatenga kampando kaja n'kukakokera m'shopu, pafupi ndi makina. Anati, "Agogo, ndipatseni nsalu, mwana wanga ali maliseche," kunena chidole chake.

Lolemba anadzuka, anasamutsa batani limodzi, lofiira. Anafuna kusamutsa asanu kuti ubwere msanga. Ndinamuuza kuti masiku sabedwa. Nsapato anavala atasamba. Kugeti anapita kamodzi, basi itadutsa, n'kubwerako yekha. Madzulo analoza chithunzi chako n'kuuza mkulu wako kuti, "Amayi anga ali kusukulu yakutali, inu simungafikeko."

Lachiwiri kasitomala wina, bambo wamkulu wa tayi, anatenga suti yake n'kutuluka. Kabatani anamuthamangira mpaka pageti, anati, "Simunatsanzike." Bamboyo anabwerera, anavula chipewa, anatsanzika ine, mwana, ndi makina omwe. Tsopano m'nyumba muno palibe amapita ngakhale kubafa popanda kunena kumene akupita ndi nthawi yobwera. Watibweretsera wapolisi.

Zimene ndikuganiza unati ndisalembe, ndiye sindilemba. Ndingoti thalauza lija ndalisoka kachiwiri, maso sanali kuona bwino tsiku limenelo.

Ine bambo ako.


14 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, achemwali, ndi wapolisi wanu. Kalata yanu ndinawaonetsa Amakiyi. Akuti mukanakhala wophunzira wawo bwenzi mutakhoza kale, kupatula za mphaka.

Ndakhoza, Bambo. A Cholembera Chofiira anabwera dzulo, ndipo Amakiyi anandisiyira pakhomo ndekha koyamba chichitikire zija. Nesi uja anafika atachedwanso. Atandiona anamwetulira n'kunditsinzinira diso, poti ndinamuphunzitsa ndine, n'kuyamba kubwerera chambuyo. Ndinamugwira mkono, ndinati, "Pepani mayi, tsiku lija ndinakulakwitsani. Gwadani mumuuze." Anati wachedwa, odwala akudikira, ndipo mwana alira. Ndinati alira ndithu, ndipo ndimunyamula ine. Anagwada ndi yunifolomu yake yoyerayo. Anati, "Ndikupita kuntchito, ndibwera ukadzuka ku tulo ta masana."

Gulugufe analira mpaka kalasi yonse inatembenuka, misozi ndi mamina zonse pa epuloni yanu ya makatani. Ine ndikuti apa cholembera chandimaliza. Tisanamalize nyimbo yachiwiri anatsika yekha n'kukalanda Kapu supuni. Pansi pa fomu a Cholembera Chofiira analemba mzere umodzi: "Mwana analira, mphunzitsi sanaope." Ndipo amaseka, Bambo, ndawaona mano.

Kwatsala masabata atatu. M'botolo muyenera kuti mwatsala mabatani makumi awiri ndi awiri. Ngati achepa, wakuba wake mukumudziwa.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani chichokereni kumeneko. Lamulungu lija nditagwada pageti, ndinakumbukira kuti inenso ndinakhalapo pageti lomwelo. Ndinali ndi zaka zinayi. Munandiuza kuti Amayi apita kumsika. Ndikukumbukira kuti ndinkadikira, ndipo mpaka lero ndikalowa mumsika ndimayang'ana nkhope za azimayi osadziwa amene ndikumufuna. Achemwali anali aakulu, anadziwa kuti ndi kuchipatala. Ine palibe anandiuza, ndinangoona tsiku lina anthu adzaza pabwalo.

Sindikufunsa kuti ndikuimbeni mlandu. Ndikungofuna kudziwa za m'mawa umenewo. Osati zimene mukuganiza, Bambo. Zimene zinachitika.

Ndine mzime wanu.


19 Malichi

Mzime wanga,

Moni. Wakhoza, ndipo ndauza aliyense wolowa m'shopu muno, ngakhale amene anangobwera kudzafunsa njira. Mabatani atsala khumi ndi asanu ndi awiri, ndawerenga ndekha. Awiri anapezeka m'botolo losayenera, wolakwa wavomera, tawabweza.

Kalata iyi ndaiyamba katatu. Wafunsa zimene zinachitika.

Linali Lachiwiri m'mawa, kusanatenthe. Galimoto ya aneba inaima pageti kuti itengere amayi ako kuchipatala. Mkulu wako anali atanyamula kale chikwama. Iwe unali m'tulo, chala chili m'kamwa. Amayi ako anaima pakhomo la chipinda atatsamira chitseko, anati, "Mudzutseni ndimutsanzike." Ine ndinati ayi, alira, inunso mulira ndipo mphamvu mulibe, mubwera Lachisanu mudzamupeza. Ndinkakhulupiriradi kuti abwera Lachisanu. Anandimvera, poti ankandimvera nthawi zonse, ngakhale pamene sindinkayenera kumveredwa. Anavula nsapato kuti asachite phokoso, analowa, anakufunditsa phazi limene linatuluka m'bulangete. Ali m'galimoto anatsitsa galasi, anati, "Akadzuka mumuuze kuti ndamutsanzika. Mumuuze kuti amayi sanathawe."

Utadzuka unandiyang'ana, ine mawu aja anakanika kutuluka. Ndinati apita kumsika. Sunalire, ndipo ndinadziyesa wanzeru. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikudziyesa wanzeru, mpaka ndinakuphunzitsa iwe kunyamula nsapato m'manja.

Ndiye uthenga wako ndi umenewo, mwana wanga. Wachedwa kuposa buledi. Amayi ako anakutsanzika. Sanathawe. Amene anabisa ndi ine, ndipo ndikupepesa.

Kabatani waima pano, akuti ndilembe kuti batani lomaliza wasankha lagolide, la pa jekete, ndipo ukamabwera usaiwale buledi. Ndamuuza kuti ndikupita kukapereka kalatayi kwa dalaivala, ndibwera asanamalize tiyi. Wandilola.

Ine bambo ako.